Mlatho wa Mtsinje Wina

Zaka zanga ndimazikumbuka ndi malo amene ndidakhalamo ndi ntchito zimene manja angawa adaphunzira. Zina mwa zimene ndifotokoze ndidaziona ndi maso. Zina mwina ndidangozilota ndili pamwamba pa lole, mutu utatsamira thumba la eni ake, ndipo lero sindithanso kuzisiyanitsa.

Ndidabadwira m'chigwa cha thonje, kotentha mpaka nkhuku kumayenda zitayasama. Pakati pa mudzi panali shedi ya malata pamene boma linkagula thonje lathu lonse, pa mtengo umene aliyense ankaudziwa asanabzale. Ntchito yanga yoyamba inali kusankha thonje, kuchotsa zitsotso ndi timasamba, loyera uku, lothimbirira uko.

Tsiku lina kudabwera galimoto yoyera. Tidasonkhana pansi pa mkuyu, amuna pamipando, ife akazi pansi. Bambo wina wa malaya ositidwa bwino adaimirira nanena kuti kuyambira tsopano boma silidzagulanso thonje. Shedi ija, iye adati, inkadya zambiri kuposa zimene inkabweretsa. Amalonda adzabwera ambiri, adzalimbirana thonje lathu, ndipo ife ndi amene tidzapindule. Ankalankhula mofatsa ngati wofalitsa maliro a mudzi wina. Atatha tidawomba m'manja, poti mlendo akalankhula sakhala pansi chimanjamanja.

Amalonda adabweradi, koma ochepa, chifukwa msewu wathu unkathyola magalimoto. Adapachika masikelo awo pa nthambi za mkuyu womwe uja, ndipo zimene ankapereka uyu n'zimene ankapereka uyo. Atate adazula thonje nabzala chimanga, chimene chidapsa ndi dzuwa chisanamasule. Chaka chimenecho ndidakwatiwa ndi Yotamu, mnyamata wamanyazi wa mudzi wa kutsidya. Iye adati thonje likamachoka kuno ndiye kuti kuli kumene limapita, choncho tilitsatire.

Tidalitsatira mpaka m'tauni ya fakitale ya nsalu. Kumeneko anthu ankadzuka ndi kulira kwa wenzulo, osati kwa tambala. Yotamu adalembedwa ntchito konyika nsalu mu utoto, ndipo manja ake adasanduka obiriwira mpaka m'zigongono, osachoka ngakhale atawapala ndi mwala. Ine ndidapeza malo pakhonde la sitolo ina, kwa mayi wina wamkulu thupi, a Nachisale, amene anali ndi makina osokera atatu. Iwo adandiphunzitsa kupalasa ndi phazi mosathamanga, kudula nsalu mosaopa, ndi kusoka mkono wa diresi kuti usakoke paphewa. Ankati nsalu sakankha, makina amakoka okha, iwe ungoiwongolera njira. Mwana wathu Mwandida adabadwira m'tauni imeneyo, ndipo tulo take toyamba adagona mu katoni pansi pa makina.

Kenaka malire adatsegulidwa, mabelo a kaunjika n'kuyamba kufika. Ankawang'amba pamsika m'mawa, zovala za anthu a maiko ozizira n'kukhuthukira palona, zonunkha mankhwala. Nyengo yachisanu itafika, Mwandida akutsokomola, ndidapita kumeneko mozemba ndi kumugulira juzi yofiira. Nsalu ya fakitale yathu yokwana malaya amodzi ikadagula majuzi otero angapo. A Nachisale ataiona pathupi pa mwana sadandikalipire. Adamuvula, naitembenuza, nayang'ana msoko nthawi yaitali.

"Adasoka bwino," adatero. "Muvekeni, kukuzizira."

Makina atatu aja adatsala awiri, kenaka amodzi, ndipo ntchito yathu idangokhala yochepetsa mathalauza a anthu aatali amene sitidawaonepo. Galimoto yoyera itabwera, msonkhano udachitikira pabwalo la fakitale, mumthunzi wa thanki ya madzi. Wolankhulayo anali wina, koma malaya anali ositidwa chimodzimodzi. Adati nsalu yathu inkadula chifukwa magetsi ankathimathima ndipo utoto unkagulidwa kunja. Adati kwa zaka zambiri osauka a dziko lonse ankavala zigamba kuti fakitale imodzi ikhale moyo, koma tsopano mwana aliyense ali ndi malaya. Ndidayang'ana ana amene ankasuzumira pampanda, ndipo analidi ndi malaya onse. Zinali zoona, ndipo n'zimene zinkapweteka. Tidawomba m'manja, geti n'kutsekedwa.

Yotamu adakhala pakhomo mpaka utoto udatha wokha m'manja mwake. Kenaka adakwera lole yopita ku dziko la kummwera kumene amuna onse ankapita. Pokwera adandiuza kuti akangopeza pogona adzatiitanitsa. Uthenga wake unkabwera pakamwa pa madalaivala: ali bwino, akumanga nyumba zosanja, chaka chamawa abwera. Ndiye kudabwera dalaivala wina amene adavula chipewa asanalankhule. Adati chifuwa chidamutenga, ndipo anzake adamuika komweko. Manda ake sindikuwadziwa. Ndidalira ndi a Nachisale pakhonde paja, kenaka iwonso adagulitsa makina otsala nabwerera kwawo.

Ndidabereka Mwandida kumbuyo n'kukwera kumapiri, kumene ndidamva kuti munthu wamanja sagona ndi njala. Kumeneko ndidaphunzira kuotcha makala. Umasanja zipika, zazikulu pansi, n'kufunditsa udzu ndi dothi, n'kusiya kabowo koyatsira. Kenaka umayang'anira utsi. Woyera ndiye kuti nkhuni zikadali ndi madzi, wopyapyala ndiye kuti zapsa, ndipo moto ukapeza pong'ambika usadakwirire, upeza phulusa lokhalokha. Pamwamba pathu pankadutsa nthambo zamagetsi zopita mumzinda, zikung'ung'udza usana wonse ngati njuchi. M'nyumba zathu sizinkatsikira. Mumzindamo, kumene zinkapita, anthu ankaphikira makala athu.

Mwandida adayamba sukulu kumapiriko, yofolera udzu. Ankabwera akuwerengetsa chilichonse chimene wachiona m'njira, ndipo aphunzitsi ake adandiuza kuti ndisadzamusiyitse ngakhale zitavuta bwanji.

Galimoto yoyera idatipeza komweko. Tidakhala pansi pa mbawa imodzi imene idatsala chifukwa pansi pake panali manda. Ulendo uno adaimirira mayi wachitsikana, nsapato zake zitadzaza fumbi lakuda. Adati kuyambira tsopano makala ndi oletsedwa. Adafotokoza kuti mapiri akakhala opanda mitengo dothi limatsikira mumtsinje, limakatseka makina opangira magetsi, magetsi amathima, a mumzinda amagula makala, ndipo ife timadulanso mitengo. Mkulu wina wa nkhwangwa paphewa adamufunsa kuti njoka yoluma mchira wake yomweyi, mutu wake ndi uti. Mayiyo adati iyenso sakudziwa, koma adamutuma kuti ayambire kwa ife. Tidawomba m'manja ndithu, ngakhale mofooka.

Alonda a nkhalango adayamba kulanda matumba pamsewu. Ife tidayamba kudzera njira zachidule, iwonso n'kuzidziwa. Mapeto ake sadabwere ndi alonda. Mvula ina idagwa masiku otsatizana, phiri n'kutsika ndi miyala yake, kukokolola nyumba za kumunsi pamodzi ndi ena amene anali m'katimo. Yathu idatsala khoma limodzi. M'mawa mwake ndidaima pamatope ndikuyang'ana zitsa zimene ndidadula ndi manja anga, ndipo ndidamvetsa zimene mayi wa nsapato zafumbi ankanena. Komabe sindidadziwe chimene tikadadya tikadamumvera.

Tidatsikira kuchidikha, m'mbali mwa mtsinje waukulu, kumene anthu ochokera kutali adatsegula sikimu ya ulimi wothirira. Adakumba ngalande, adaika injini yopopa madzi, adaimika chikwangwani chokongola. Aliyense wofika ankapatsidwa kachigawo ka munda. Mlangizi wake anali Bambo Ntonya, munthu wowonda wa njinga yamoto yosuta utsi, amene ankakhulupirira sikimuyo ndi mtima wake wonse. Iwo adandiphunzitsa kufesa phwetekere panazale, kuwokera madzulo dzuwa litapepa, kutsegulira madzi mumzere ndi khasu ndi kuwatseka asanakokolole. Ankati tsidya lina la mtsinje kukumangidwa fakitale yoika phwetekere m'zitini, ndipo mlatho ukubwera.

Zaka zoyamba zinali zokoma ngati maloto a munthu wokhuta. Olima tinali ochepa, ogula ankawoloka okha kudzatifuna. Ndidafolera nyumba ndi malata, Mwandida n'kupita kusekondale yogonera komweko. Kenaka aliyense adalima phwetekere, ndipo yense ankapsa sabata imodzi. Mtsinje ukadzaza, lole inkaima tsidya lija ikuliza hutala, ife tili tsidya lino ndi madengu. Tinkawoloka madzi ali m'chifuwa, dengu pamutu, kugwirana manja. Amene wafika, wogula ankamuuza mtengo umene wafuna, podziwa kuti sangabwerere nazo. Zotsala zinkaolera m'munda, chidikha chonse n'kumanunkha ngati mowa wosasa.

Fakitale ya zitini idamangidwadi makoma ndi denga, koma magetsi sadafikeko, ndipo mudalowa mbuzi. Anthu ochokera kutali aja zaka zawo zidakwana, adatsanzika bwinobwino napita kukathandiza dziko lina. Injini itafa, Bambo Ntonya adayenda maofesi onse. Pobwera adatiuza kuti kachitsulo kamene kadathyoka kamagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo zochepa zimene dziko lili nazo zikupita ku mafuta, mankhwala ndi feteleza. Adafunsa ngati alipo amene akadakonda kuti chipatala chisowe mankhwala kuti injini yathu ilire. Tidayamba kuthirira ndi makeni.

Bambo Ntonya atapuma pantchito sadabwerere kwawo. Adati sangathe kuchoka pamalo pamene adalonjeza anthu zinthu. Adatenga kachigawo koyandikana ndi kanga, ndipo phwetekere wawo ankaola pamodzi ndi wanga. Za mlatho zinkamveka nthawi ndi nthawi. Kunkabwera anthu oyeza, n'kukhoma zikhomo m'mbali mwa mtsinje, chiswe n'kuzidya, ena n'kudzakhomanso.

Mwandida adapitirira mpaka kuyunivesite, adaphunzira za chuma, nalembedwa ntchito ku ofesi imene imakonza mapulani a chitukuko. Mbiriyo itafika pasikimu, anthu adayamba kundipatsa moni ndi manja awiri. Ankati tsopano mwana wathu ali pamphika, mlatho wabwera basi. Ine sindinkavomera kapena kukana, koma mumtima ndinkaganiza chimodzimodzi.

Galimoto yoyera idabwera nyengo ya dzinja, ndipo idaima tsidya lija chifukwa madzi anali ambiri. Tidaona mayi wina akutsika, akuvula nsapato, akumanga chitenje pamwamba pa siketi. Adalowa m'madzi osadikira womugwira dzanja, ndipo ndidamuzindikira ndi mawolokedwe ake, chammbali, nkhope italoza kumene madzi akuchokera, monga ndidamuphunzitsira.

Tidakhala pansi pa mango. Mwandida adaimirira chitenje chikudontha. Adapereka ulemu kwa akuluakulu onse monga mwana woleredwa, kenaka adanena kuti ndalama zimene zapezeka zikukwana mlatho umodzi, ndipo mlathowo sumangidwa pano. Umangidwa pa mtsinje wina, kuseri kwa mapiri a kumpoto. Sadanene kuti adamutuma. Adati iyeyo anali m'gulu la amene adasankha, ndipo adavomereza.

Palibe adawomba m'manja. Anthu adatembenuka n'kuyang'ana ine.

Kunyumba ndidamupatsa chitenje chouma osamuyang'ana kumaso. Ndidamufunsa ngati akudziwa chimene chidamulipirira sukulu. Adati akudziwa. Ndidamufunsa ngati waiwala amayi a mnzake wa kusukulu amene madzi adawatenga ndi dengu lawo powoloka. Adati sadaiwale. Kenaka adandiuza za mtsinje winawo, kuti kutsidya kwake kuli midzi yambiri kuposa yathu, koma chipatala chili tsidya linalo. Dzinja lililonse amayi oyembekezera amafera pagombe akudikira kuti madzi aphwe.

"Amayi, inu mudasokapo," adatero. "Nsalu ikakhala imodzi, ana ali ambiri, mumatani?"

"Ndimayambira wanga."

"Ine pa ntchito imene mudandiphunzitsira sindiloledwa kukhala ndi wanga."

Adalira, koma sadabweze mawu. Adandipempha kuti ndikakhale naye mumzinda, poti anthu pano andida. Ndidakana. Ndidamuperekeza mpaka pamtsinje, ndipo adawoloka yekha.

Anthu adandidadi. Moni wa manja awiri udatha, ndi wa dzanja limodzi womwe. Kuchitsime akazi ankasiya nkhani ndikafika. Bambo Ntonya okha ndi amene ankandilankhula, ndipo nawonso za mlatho sankazitchula. Mvula itatha ndidawasiyira munda wanga kuti aziuyang'anira, ndidamanga kamtolo, n'kuuyamba ulendo wa kumpoto. Ndinkafuna ndikauone ndi maso anga mtsinje umene udandilanda mwana.

Ndidayenda masiku amene sindidawerenge, pena pansi, pena pa lole. Midzi imene ndinkadutsa inkaoneka ngati ndidakhalamo kale: shedi yotsekedwa, chikwangwani chofufuta cha ntchito imene idatha, anyamata atakhala pa ngalande youma. Mtsinjewo nditaupeza unali waung'ono kuposa wathu, wamchenga, woti mwana n'kuudumpha. Ndidaseka ndekha mowawidwa. Koma mayi wina wotunga madzi adandilozera zinyalala zimene zidakodwa pamwamba pa mtengo, kutalika kuposa denga la nyumba, nati dzinja madzi amafika pamenepo. Adandilozeranso kamsasa ka udzu pagombe la tsidya lija. Adati ndi podikirira, ndipo mng'ono wake adalowamo ndi pakati, sadatulukemo wamoyo.

Omanga anali atayamba kale, ndipo kapitawo ankalemba akazi oswa miyala. Chobwerera nacho ndinalibe, choncho ndidapempha nyundo. Iyi ndiyo ntchito yomaliza imene ndidaphunzira. Mwala uli ndi mtsempha wake, ukaupeza umasweka ndi kumenya kumodzi, ukauphonya umangopweteka dzanja. Umaugwira ndi mphira ya tayala kuti zala zisaphwanyike, ndipo umatsinzina pomenya. Tinkakhala mumzere pansi pa dzuwa, aliyense ndi mulu wake, tikuimba nyimbo za kumeneko zimene ndidaziphunzira pang'onopang'ono. Sindidauze aliyense kuti ndine mayi wa yani. Ankangonditcha amayi a kuchidikha.

Mizati idakwera, zitsulo zidayalidwa, simenti idathiridwa pa miyala yathu. Mvula yoyamba idagwa mlatho utangouma, ndipo kamtsinje kaja kadasanduka chilombo chofiira, chonyamula mitengo yathunthu. Mlathowo unali usanatsegulidwe. Adautchinga ndi migolo podikira akuluakulu odzadula riboni.

M'mawa wina tikusonkhanitsa zida, tsidya lija kudatulukira ngolo ya ng'ombe. Mwamuna ankathamanga pambali pake, ndipo m'ngolomo munali mtsikana atagona pamphasa, mayi wachikulire atamugwira mutu. Adaima pa migolo paja osadziwa chochita. Kapitawo adayang'ana kumsewu kumene akuluakulu akadachokera, adayang'ana ngoloyo, kenaka adayamba kugubuduza mgolo yekha. Tonse tidathamangira kukamuthandiza. Ng'ombe zidakana kuponda simenti, poti zinali zisanaionepo, mpaka mwamunayo adazikoka ndi chingwe cha pamphuno. Ine ndidapezeka ndikuyenda pambali pa ngolo, mtsikanayo atandigwira dzanja mwamphamvu ngati amandidziwa. Pansi pathu madzi ankabangula. Sadandisiye mpaka pakhomo la chipatala, pamene anamwino adachita kumasula zala zake.

Madzulo tidamva kuti kwabadwa mwana wamkazi, ndipo onse ali bwino. Tsiku lodula riboni sindidalidikire. Ndidamva kuti Mwandida adzakhalapo, koma ndidaona kuti zimene ndinali nazo zomuuza sizinali zonenera pagulu. Ndidamuimbira foni ndili m'njira. Ndidangomuuza kumene ndinali ndi ntchito imene ndinkagwira. Adandifunsa ngati manja anga ali bwino. Ndidati ali ndi matuza, koma apola.

Pasikimu ndidapeza zonse monga ndidazisiyira. Akazi kuchitsime adasiyabe nkhani nditafika, ngakhale mmodzi adandithandiza kusenza ndowa. Phwetekere anali atapsa, ndipo lole inkaliza hutala tsidya lija. Ndidathyola dengu langa n'kupita kumtsinje. Pagombe ndidapeza Bambo Ntonya atakhala pa dengu lawo, akupinda thalauza pang'onopang'ono, miyendo yawo itawonda ngati bango. Adandiuza kuti adamva kumene ndidapita. Kenaka adafunsa motsitsa mawu, ngati munthu wofunsa za mwana wa eni ake.

"Mayi a Mwandida, mlathowo ndi wabwino?"

"Ndi wabwino."

"Ngolo imadutsa?"

"Ziwiri n'kupatukirana pakati."

Adagwedeza mutu, nkhope yawo ikuwala ngati ndi iwo adaumanga. Adati ndiye kuti zimatheka. Ndidawasenzetsa dengu lawo, iwo n'kundisenzetsa langa. Madzi anali ozizira, ndipo chaka chimenecho anali okwera kuposa kale. Ndidawagwira dzanja, ine kumtunda kwa madzi poti ndine wolemererapo, ndipo tidalowa.